Katatu pa Mawu Zana Aliwonse

Mukafika pa Ntchisi Boma n'kufunsa za Talandira Kamtsitsi, anthu akuuzani kuti, "Oo, mayi wa makompyuta uja? Lowerani kuseri kwa msika, kaofesi ka chitseko chobiriwira." Koma muwafunse kuti kwenikweni amagwira ntchito yanji, muwaona akuyang'anana. Ena amati amatayipa makalata. Ena amati amangocheza ndi azungu tsiku lonse n'kumalipidwa. Amayi anzake a Chigwirizano anasiya kalekale kumufunsa, chifukwa yankho lake silikhutitsa munthu. Amangoti, "Ndimawerenga mawu limodzilimodzi, ngati nkhuku zikamalowa m'khola." Ndipo sanama ayi. Ntchito imeneyi ndi imene yamudyetsa, yamuveka, yamuphunzitsira mwana. Ndi yomweyonso imene yamulasa pamtima.

Mwana ndikunenayu ndi Priscilla, mmodzi yekhayo. Talandira sanamubale, ndipo chinthu chimodzi chimene analumbirira moyo wake wonse n'chakuti mwanayo asadzamve munthu akumutchula kuti wamasiye.

Kwawo kwa Talandira ndi ku Chezi, ku Dowa. Bambo ake, a Filipo, anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, munthu wosankha masamba m'chigafa uku akung'ung'udza nyimbo za m'buku. Mayi anamwalira Talandira akadali wamng'ono, choncho anamulera ndi mkulu wake Tabita. Tabita ndiye ankamuluka tsitsi, Tabita ndiye ankamukwapula akajomba kusukulu. Atakula anakwatiwa ndi mwamuna wina wokamba bwino, amene anangoti mkazi atatenga pakati, iye ulendo wa ku Joni. Mpaka lero tikumudikira.

Mvula ya mu Febuluwale m'mapiri a Dowa si yocheza nayo. Matenda anamuyamba Tabita m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, ndipo mwana sanadikire za mayendedwe, anabadwira m'nyumba. Koma magazi sanaleke. Anamugoneka m'ngolo kuti athamangire naye kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, Talandira atakhala pambali pake, kakhanda kali m'manja. Pachitunda china ngolo inatitimira. Amuna anakankha, ng'ombe zinagwada m'matope, a Filipo anapemphera mofuula ngati ali paguwa. Tabita anatsegula maso, n'kuyang'ana mng'ono wake mmene anagwirira mwana.

"Iwe, mugwire bwino mutu, sunalimbe," anatero.

Sananenenso china. Kuchipatala sanafikeko, ngolo inatembenukira pomwepo.

Maliro atatha, achibale atakhala pansi kuti aone za mwana, Talandira sanadikire kuti amufunse. Anali atangolemba mayeso a Fomu 4, msungwana woonda ngati bango, koma anati, "Mwanayu ndi wanga." Panalibe wotsutsa. Kwathu kuno mwana wa mkulu wako ndi wako, si nkhani yoitanira anthu. A Filipo anatsegula Baibulo n'kumupatsa dzina loti Priscilla.

Tsiku lina pa mjigo, mayi wina anasuzumira kumbuyo kwa Talandira n'kunena mwachifundo ndithu kuti, "Kalanga ine, kamwana kamasiye!" Abale inu! Ndowa inagwa pansi, madzi n'kumwazikira anthu m'miyendo.

"Wamasiye ndani? Ine ndafa? Mwandiika liti m'manda?"

Mudzi wonse unakamba za pakamwa pa mwana wa mkulu wa mpingo, koma kuyambira tsiku limenelo liwu lija silinamvekenso.

Priscilla atayamba kuyenda, Talandira anapeza malo pa kasitolo kena kotayipa ndi kupanga fotokope pa Ntchisi Boma. Kumeneko kunalibe womudziwa. Anthu ataona msungwana wopanda mphete ali ndi mwana kumbuyo, anamaliza okha nkhani yonse: anachimwitsidwa ali pasukulu. Kutchalitchi amayi ena ankamuyang'ana cham'mbali. Iye ankadziwa zimene akunena, ndipo liwu limodzi lokha likanamuyeretsa, koma anasankha kusenza manyazi osakhala ake. Kunabweranso mphunzitsi wina wofatsa, wa njinga yatsopano, amene anamufunsira mwaulemu wonse. Anangolakwitsa chinthu chimodzi, pamene anati mwanayo angathe kukakhala kwa agogo ake ku Chezi. Talandira anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumuuza kuti ayende bwino.

Ndiye kamwanako kanali kolongolola! Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, "Amayi, taonani nyerere. Amayi, nsapato yanga ili kuti? Amayi, kodi Mulungu amagona? Amayi! Amayi!" Talandira ankachita kutseka makutu. "Iwe, dzinali ulimaliza! Usiyeko lina la mawa." Priscilla ankaseka, n'kubwera kudzamunong'oneza m'khutu momwemo kuti, "Amayi."

Ntchito ya mawu inabwera ndi a Festus. Iwowa anali mphunzitsi wopuma, amene anayambitsa kabungwe kophikira phala ana ovutika m'midzi ya m'mapiri. Ndisawanamizire, sanali wakuba. Phala linkaphikidwadi, ana ankamwadi. Vuto lawo linali lakuti othandiza ankachepa, ndipo webusayiti imene munthu wina anawapangira inali ngati sitolo yomangidwa pakati pa nkhalango. Anamulemba ntchito Talandira chifukwa Chingerezi chake chinali chowongoka. Kenaka anapita kumaphunziro ku Lilongwe, n'kubwerako ndi uthenga ngati Mose potsika m'phiri.

"Tamverani, mayi a Priscilla," anatero atakoka mpando. "Mzungu akafuna kuthandiza safunsa munthu njira. Amalemba mawu m'makina ofufuzira aja a pa intaneti. Amalemba kuti ana amasiye ku Malawi. Makina aja amayang'ana masamba onse a padziko lapansi, n'kuika patsogolo tsamba limene mawu amenewo akupezekamo mokwanira. Lathuli lili kumbuyo kwenikweni, kosafika munthu."

"Ndiye tizitani?"

"Tizibwereza. Pa mawu zana aliwonse, liwu lofunikalo lizipezeka katatu. Likachepa, makina sakuona. Likachulukitsa, amakuyesa wachinyengo."

Kaya zinalidi choncho, kaya a Festus anathirako mchere wawo, ine sindikudziwa. Koma Talandira, mwana wa mlimi, anamva msanga. "Ngati feteleza," anatero. "Kachitsekerero kamodzi pa phando. Ukachepetsa chimanga chimafiira, ukachulutsa chimapsa."

"Basitu! Mwamaliza sukulu yonse."

Pa kompyuta anaikapo kapulogalamu kowerenga mawu. Ukalemba nkhani, pakona pankaoneka kadontho. Kakakhala kofiira, ndiye kuti liwu lija lachepa. Ukaliwonjezera apa ndi apo, kankasanduka kobiriwira. Talandira anaidziwa ntchitoyi mpaka anthu kumachita kudabwa. Ankadziwa kulowetsa liwu m'chiganizo mosaonetsa msoko, moti wowerenga sankazindikira kuti akumudyetsa chinthu chimodzimodzi. Analemba za njala, za zitsime, za ana amasiye osatchulidwa maina. Tsamba la kabungwe kaja linayamba kukwera, makalata ochokera kunja anayamba kufika, miphika ya phala inawonjezeka. Liwu limene anagwetsera ndowa ku Chezi ankalilemba tsiku ndi tsiku, koma m'Chingerezi silinkamuluma. Linkangokhala ngati njerwa imene ukuika pamzere.

Chaka chimene Priscilla anayamba Sitandade 1, mpingo wina wa kutsidya kwa nyanja unalemba kuti ukufuna kupitiriza kuthandiza, koma anthu ake atopa ndi nkhani za ana opanda nkhope. Ankafuna mwana mmodzi, dzina lake lonse, chithunzi chake ndi mbiri yake, Lamulungu lisanafike. Inali nthawi ya mvula. Misewu ya kumidzi inali phala lokhalokha, njinga yamoto ya ofesi inali itagona m'khonde. Talandira anavula nsapato n'kuyenda wapansi kupita kumudzi wina wapafupi, kwa mayi Magdalena, amene ankalera ana atatu a malemu mng'ono wawo.

Anamulandira bwino. Anamuyalira mphasa pakhonde, anamuotchera chimanga chachiwisi, anawasambitsa ana kumaso kuti ajambulidwe. Zonse zinkayenda, mpaka pamene mayi Magdalena anafunsa kuti, "Nanga pansi pa chithunzipo mulembapo chiyani?"

Talandira sankadziwa kunama pamaso pa munthu. Anawauza.

Mayi aja anawakokera ana aja kumbuyo kwawo. "Mwati ana angawa? Pepani amayi, mwasochera khomo. Pano palibe wamasiye. Amadya m'mbale imodzi ndi anzawo, amafunda bulangete limodzi, ndikakwapula ndimakwapula onse. Ngati phala lanulo mtengo wake ndi umenewo, aleke kumwa. Ine ndikadali moyo."

Talandira anabwerera mutu uli pansi. Sanakwiye ayi. Akanakwiya bwanji, poti mawu aja anali ake omwe? Anafika ku ofesi masana, miyendo ili matope okhaokha. A Festus anangomuyang'ana m'manja n'kupumira m'mwamba. "Ndiye miphika ya phala ija tiivundikira," anatero, n'kutuluka.

Posakhalitsa Priscilla anatulukira kuchokera kusukulu, yunifolomu itanyowa. "Amayi, mwandisungira chiyani?" Talandira anatulutsa chimanga chootcha chija m'chikwama. Mwana anakhala pansi pafupi ndi desiki n'kumakukuta ndi mano a m'mbali, poti akutsogolo anali ataguluka. Talandira anamuyang'ana nthawi yaitali. Apa m'pamene Satana anakhala pampando wa a Festus. Nkhani imene ankaifuna kumidzi inali pomwepo, pamapazi pake, ndipo panalibe woti amupemphe chilolezo. Anadziuza kuti ndi za m'Chingerezi izi, zopita kutsidya kwa nyanja. Masiku amenewo pa Ntchisi netiweki ankachita kuisaka pamwamba pa chulu. Ndani wa kuno akanadzaziwerenga? Kwa iye intaneti inali dziko lina, lakutali kuposa Joni, kumene zinthu zimapita osabwerako.

"Priscilla, tayang'ana kuno. Seka."

Mwana anaseka, chimanga chili m'manja.

Nkhani imene analemba tsiku limenelo inaposa zonse zimene analembapo. Analemba za ngolo, za ng'ombe zogwada m'matope, za mawu omaliza a Tabita. Misozi inkagwera pa mabatani. Atamaliza anayang'ana pakona, kadontho kali psuu. Liwu lofunikalo munalibe ngakhale kamodzi. Paliponse dzanja lake linali litalemba lokha kuti mwana wanga.

Ndiye anayamba ntchito imene ankaidziwa. Pamene panali pakuti mwana wanga amakonda kuimba, anakonza kuti mwana wamasiyeyu amakonda kuimba. Pamene panali pakuti mwana wanga amaopa mabingu, anakonzanso chimodzimodzi. Iye mwini anadzichotsamo, n'kusanduka wachibale wina amene akumusunga. Ankati akakonza, n'kuyang'ana kadontho. Kofiirabe. N'kusakanso pena pomwe liwu lingalowe bwino. Nkhaniyo inali ya mawu mazana asanu ndi limodzi, ndipo liwu lija litakwana kakhumi n'kasanu n'katatu, kadontho kanabiriwira. Anasunga nkhani yatsopanoyo pamwamba pa yoyamba ija, n'kuitumiza ku mpingo uja, n'kuiikanso pa tsamba la kabungwe.

Inagwira ntchito, ndipo inagwira koopsa. Mpingo uja unalira, unapereka, unauzanso mipingo ina. Miphika sinavundikiridwe. A Festus anachita kuvina m'kaofesi muja, koma ataona bwino chithunzi anasiya. "Mayi a Priscilla, uyu si..." Talandira anawayang'ana diso limodzi, iwo n'kumeza mawu awo.

Musaganize kuti anaiwala. Nkhani ija inakhala ngati minga yothyokera m'phazi, yosaoneka koma yomveka ukaponda. Chaka chilichonse ankati aichotsa, koma ndi imene inkakoka anthu ambiri, ndiye ankati chaka chamawa. Za Tabita nazonso ankati amuuza mwana akadzakhwima nzeru, kenaka akadzalemba mayeso a Sitandade 8, kenaka akadzazolowera ku sekondale. Zengerezu adalinda kwawukwawu. M'mene iye ankazengereza, nsanja za netiweki zinamera m'mapiri monse, ndipo ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika anayamba kusisita foni ndi chala. Dziko lakutali lija linasamukira pakhomo.

Priscilla anakula, wamtali ngati Tabita, wanzeru, ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ali Fomu 3 anabwera ku holide atasintha. Moni anapereka mwaulemu, katundu analowetsa, koma nyumba inali zii. Talandira anaganiza kuti mwina ndi mayeso, mwina ndi kamnyamata.

Loweruka masana ankachapa kuseri kwa nyumba, wina pa beseni lake, wina pa lake. Priscilla anapukuta manja pa chitenje n'kunena kuti, "Ndibwerekeni foni."

Analemba kanthu, n'kuibweza atagwira ndi manja awiri. Talandira anayang'ana. Kamwana kopanda mano akutsogolo kankamusekerera, chimanga chili m'manja. Thovu la sopo linkatsika m'mikono yake, koma iye sanalimve.

"Aphunzitsi a kompyuta anati aliyense alembe dzina lake, tione mmene makina ofufuzira amagwirira ntchito," anatero Priscilla, mawu ake ali phee. "Anzanga sanapeze kanthu. Ena anapeza anthu achilendo a maina ngati awo. Ine ndinapezeka pamwamba penipeni. Kalasi yonse inabwera kudzaona, ndipo mtsikana wina anawerenga mokweza mpaka kumapeto."

Talandira anakhala pa mwala wochapira. Mawu amene anakhala akuwakonza zaka zonsezi anabwera mopiringizana. "Mwanawe, khala pansi. Pali zimene ndinayenera kukuuza kalekale. Ine sindine amene..."

"Ndikudziwa. Anandibala ndi malemu a Tabita."

"Wadziwira pa nkhaniyi?"

"Ayi. Ndinadziwa ndili Sitandade 4, pa maliro a agogo a Filipo ku Chezi. Amayi ophika ankanong'onezana kuti nkhope yonse ndi ya Tabita. Ndinafunsa mmodzi, anandiuza."

Ha! Zaka zonsezi Talandira ankayenda monyang'ama pozungulira chinsinsi, osadziwa kuti mwana nayenso akunyang'ama mbali inayo.

"Nanga bwanji sunandifunse?"

"Ndinaona kuti mukanamva chisoni. Komanso ndikanafunsiranji? Amayi ndinali nawo."

Talandira anatambasula dzanja kuti amugwire, koma Priscilla anasuntha pang'ono, pang'ono pokha, ngati akukonza beseni.

"Za ngolo sizinandipweteke," anapitiriza. "Ndinakondwa kumva zimene ananena za mutu wanga. Palibe anandiuzapo zimenezo. Koma liwu ilo. Anzanga atapita ndinabwerera ndekha, ndinaliwerenga. Lilimo kakhumi n'kasanu n'katatu. Likanakhala kamodzi, ndikanati dzanja linaterereka."

Apa Talandira akanangolira, mwina zikanakhala bwino. Koma munthu akamamira amagwira chilichonse, ndipo iye anagwira ntchito yake. "Si mmene ukuganizira, mwanangu. Ndi makina aja. Amafuna kuti liwu lizipezeka katatu pa mawu zana aliwonse, apo ayi tsamba silioneka. Poyamba sindinalembe choncho, ndinalemba kuti mwana wanga, paliponse. Kenaka kadontho kanali kofiira, ndiye ndinayenera..."

"Ndiye munkachita kuwerenga?"

"Priscilla..."

"Munkati mukaona kuti lachepa, n'kufufuta mwana wanga, n'kuikapo limenelo?"

Talandira sankadziwa kunama pamaso pa munthu. "Eya."

"Yoyambayo ili kuti? Ndiione."

Sinaliponso. Anaifufuta yekha tsiku lomwelo, ndi chala chake.

"Kunali ana ambiri ofunika phala," anatero motsitsa mawu. "Miphika ikanavundikiridwa."

"Ndikudziwa, ndipo ndikukondwa kuti anamwa." Priscilla anayang'ana m'madzi a m'beseni. "Koma wamasiye ndi munthu amene alibe wake. Ine sindinkadziwa kuti ndilibe wanga. A ku Chezi sanandiuze zimenezo. Mwandiuza ndinu."

Anawerama n'kupitiriza kutsukuluza zovala. Anazifinya, anaziyanika bwinobwino pachingwe, za Talandira zomwe.

Lolemba m'mawa Talandira anafika ku ofesi a Festus asanatsegule n'komwe. Atawafotokozera, bambo aja anavula magalasi n'kukhala nthawi yaitali akuwapukuta. "Chotsani," anatero. "Ndinaona tsiku lomwe lija, ndinakhala chete chifukwa cha miphika. Chotsani, mayi." Anachotsa. Kunali kungodina kamodzi, chinthu chimene chinamukanika zaka zonse zija.

Patapita masiku analembanso dzina la mwana wake m'makina muja. Kamwana ka chimanga kanatulukanso. Mpingo uja unali utakopera nkhani yonse pa tsamba lake. Mpingo wina unakopera kwa umenewo. Inaliponso pa tsamba la munthu wina wosadziwika, ndi pena m'chilankhulo chimene Talandira sanachizindikire, koma dzina ndi chithunzi zinali zomwezo. Analemba makalata opempha. Amodzi anayankha mwachifundo n'kuchotsa. Kwa ena makalata ankangobwerera, eni ake anasiya kalekale kuyang'anira masambawo, mwina anamwalira. Madzi akatayika saoleka. Ntchito anaigwira bwino kwambiri, moti inakana kufa.

Kenaka anaganiza zoti alimbane nayo ndi luso lake lomwelo. Ngati tsamba loipa silichoka, ulikwirire ndi lina. Anakhala pansi n'kulemba nkhani yatsopano ya Priscilla Kamtsitsi wa ku Ntchisi, mtsikana wanzeru, woimba kwaya, wofuna kudzakhala namwino. Liwu lofunika anasankha lakuti mwana wanga. Analemba, anayang'ana pakona, anawonjezera pawiri, kadontho kanabiriwira. Kenaka anawerenga kuyambira pamwamba. Mawu aja anali oona onse, koma anali atalowa mowerengedwa, ngati anzawo aja. Priscilla akanawerenganso, akanadziwa. Anafufuta, n'kuzimitsa kompyuta.

Holide yonse mwanayo sanachite mwano ngakhale pang'ono. Bwenzi zili bwino akanachita! Akanamenyetsa chitseko, akanakana kudya, Talandira akanadziwa pogwira. Koma ayi. Ankadzuka m'mawa kusesa, kutunga madzi, kuphika. Popereka madzi osamba ankagwada. Lamulungu ankayenda limodzi kupita kutchalitchi, n'kukhala benchi limodzi, buku la nyimbo limodzi. Anthu ankati, "Koma mayi a Priscilla munalera!" Chimene anthu sankachimva n'chimene Talandira ankachimva yekha. "Madzi afunda." "Chakudya chapsa." "Kwabwera alendo." Mawu onse analipo, kupatula limodzi.

Munthu wozolowera kuwerenga saleka. Talandira anapezeka akutchera khutu pa chiganizo chilichonse cha mwana wake, kudikira liwu lija limene kale ankati amusiyireko la mawa. Ankachita dala kukhala kuseri kwa nyumba kuti mwina amuitana. Priscilla ankayenda mpaka pamene iye ali, n'kuima pambali, n'kunena zimene wabwerera. Tsiku lina Talandira analephera kupirira, anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Ndinalakwa, mwanangu. Ndikhululukire." Priscilla anayankha mofatsa kuti, "Ndinakhululuka kale." Ndipo mwina ankanena zoona. Koma liwu lija silinabwere.

Tsiku lobwerera kusukulu linafika. Talandira anakazinga chimanga ndi mtedza, anagula sopo ndi shuga, anasenza yekha chikwama mpaka pa depoti. Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho. Anakweza chikwama kumbuyo. Priscilla anatembenuka, maso ake ali ofiira, ndipo Talandira anaona kuti liwu lija lili pakamwa, likubwera. Mtima wake unadumpha ngati wa mtsikana.

Priscilla anapinda maondo mwaulemu, manja ali pamodzi.

"Tsalani bwino, amayi aang'ono."

Analowa, chitseko chinatsekedwa, minibasi inanyamuka.

Panalibe cholakwika pa mawu amenewo. Ndi mmene mwana aliyense woleredwa bwino amaitanira mng'ono wa mayi ake, ndipo ngakhale mutaitana akuluakulu onse a mpingo, palibe angamudzudzule. Talandira anaima pomwepo, fumbi likumugwera.

Mayi wina wachilendo, amene ankadikira galimoto ya ku Mponela ndi thumba la mbatata, anamwetulira n'kunena kuti, "Koma ndiye mwana waulemu! Masiku ano ngosowa otere. Ndi wa akulu anu?"

Talandira, yemwe uja anagwetsa ndowa pa mjigo wa ku Chezi, anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Kenaka anangogwedeza mutu kuvomera.